Galaja imodzi, matabwa ndi zitsulo: chilichonse chikhale pati?

Galaja ya galimoto imodzi nthawi zambiri imakhala mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali. Ukalipentala ndi kuwotcherera zitha kukwanamo zonse, koma musanakhome shelefu kapena kumanga benchi, dziwani kaye kumene moto wa grinder uzigwera ndi kumene utuchi uziunjikana. Zina zonse zimatsatira pamenepo.

Timoto ta grinder timauluka patali kuposa mmene ambiri amaganizira. Malamulo oteteza moto a mayiko ena amati chilichonse choyaka chikhale mamita 11 kuchokera pamene mukuwotcherera kapena kudula chitsulo. M'galaja ya mamita 6 mtunda umenewo mulibe. Choopsa n'chakuti kamoto kakagwera mu utuchi wa paini sikayaka pompo. Kamanyeka pansipansi, opanda lawi, inu n'kutseka chitseko kupita kukadya nsima, moto n'kudzabuka kulibe munthu.

Ndiye mbali ya zitsulo ikhale kukhomo, mamita awiri oyambirira. Tebulo lowotcherera likhale la chitsulo chokhachokha, miyendo ya angle iron kapena square tube, pamwamba puleti yosachepera mamilimita 6 kuti isapindike ndi kutentha. Kukula kwa mita imodzi m'litali ndi masentimita 60 m'lifupi n'kokwanira. Liikireni mateyala awiri kumbali imodzi kuti kukacha bwino muzilikokera panja. Vaisi imangidwe pakona yoyang'ana kukhomo, kuti podula timoto tizipita kubwalo. Khomo lotsegula limatulutsanso utsi, makamaka wa mapaipi a galvanised, umene umadwalitsa ngati malungo usiku wake.

Pakati pa mbali ziwirizi muimike chotchinga cha malata awiri pa felemu yachitsulo, chotalika mita 1.8, chosunthika. Pansi pake pasakhale mpata, chifukwa timoto timadumphadumpha pa simenti. Chikhalenso china cha kubwalo ngati pakhomo pali ana. Ana amakonda kuonerera kuwala kwa welding, ndipo maso amayamba kuwawa patapita maola angapo, ngati mwalowa mchenga.

Benchi ya ukalipentala ipite kumapeto, pansi pa windo ngati ilipo. Msinkhu wake ukhale masentimita 85 mpaka 90. Njira yachidule yoyezera: imani chilili, manja pansi, benchi ifike pamfundo ya dzanja. Ikatalika kuposa pamenepo mapewa amatopa pokankha puleni. Kutsogolo kwake siyani mita imodzi yoimapo, ndipo kumapeto kwa benchi kukhale mpata wosachepera theka la mita kuti puleni izitulukira. Sowo, machizulo ndi masikweya zipachikidwe pakhoma la pomwepo.

Pali chifukwa china cholekanitsira mbali ziwirizi chimene chimaiwalika. Fumbi la chitsulo likagwera pa thabwa la mbawa kapena bulugamu, kenako thabwalo n'kunyowa, pamatuluka timadontho takuda timene sandpaper sachotsa msanga. Mafuta amene amabwera ndi ma square tube atsopano nawonso akakhudza thabwa, vanishi sagwira pamalopo. Chifukwa chake musapalire chitseko cha mlombwa patebulo lowotcherera, ngakhale mutayalapo katoni.

Pakati pa galaja pasakhale kanthu. Apa ndi pomangira geti, felemu ya chitseko, kabati kapena bedi, ndipo simenti yake iyenera kukhala yosalala bwino, chifukwa geti yomangidwa pamalo opendekeka imatuluka yopotoka. Ambiri amalakwitsa poikapo benchi yaikulu pakati, kenako n'kumasowa potembenuzira katundu. Bolodi ya plywood kapena blockboard ndi mamita 2.44 ndi 1.22. Kuti muidule m'litali pa table saw pamafunika mamita 2.44 kutsogolo ndi enanso 2.44 kumbuyo, pafupifupi galaja yonse. Ngati makinawo muli nawo, akhale pa mateyala, muwaloze kukhomo podula. Ngati mulibe, musadandaule nawo: timabenchi tiwiri topinda ndi circular saw zimagwira ntchito yomweyo ndipo madzulo zimatsamira kukhoma.

Posungira katundu wautali ndiye pamavuta. Zitsulo zambiri zimagulitsidwa zotalika pafupifupi mamita 6, pamene galaja ya mamita 6 mukachotsa makoma m'kati mwake mumatsala ochepa. Sizilowa, pokhapokha muzipingase n'kutseka njira. Mwina muzidulitse pakati pogula ngati ntchito yake ikulola, mwina mukhome mabulaketi kunja pansi pa denga m'mbali mwa khoma, ndi tcheni ndi loko, poti zitsulo zosiyidwa panja zimamera miyendo. Zam'kati zikhale kukhoma la mbali ya tebulo lowotcherera, m'munsi chifukwa n'zolemera, koma masentimita 30 kuchokera pansi.

Matabwa apite kukhoma linalo, m'mwamba, kuyambira mita 1.9 kuti musagunde mutu, mabulaketi otalikirana mita imodzi. Thabwa lisagone pa simenti. Limakoka chinyezi, ndipo chiswe chimatulukira m'ming'alu ya m'mbali mwa khoma osaoneka. Paini wa kuno ku Dedza nthawi zambiri amagulidwa akadali wamuwisi. Ameneyo asalowe m'galaja msanga: muunjikeni pakhonde pamthunzi, timitengo ta masentimita awiri pakati pa thabwa ndi thabwa, totalikirana masentimita 60, tolunjikana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mukangosanjikiza popanda mpweya, amachita mabala obiriwira, ndipo tebulo lopangidwa ndi thabwa losauma limatsegula mipata likafika m'nyumba ya kasitomala.

Kuzizira kwa Dedza kuli ndi zake. Mu June ndi July, komanso nyengo ya mvula, malata amachita thukuta m'mamawa n'kumadonthezera pansi. Puleni ndi machizulo zimagwira dzimbiri, ma rod owotcherera amanyowa n'kumamatirira poyatsa, msoko n'kutuluka ndi timabowo. Ma rod asungidwe m'chitini chotseka bwino kapena m'paipi ya pulasitiki yokhala ndi zivindikiro, pashelefu yam'mwamba. Ngati ndalama ya siling'i yonse palibe, tchingani pamwamba pa benchi pokha. Mbaula yowothera isalowe m'galaja muno ngakhale kuzizire bwanji.

Za magetsi. Soketi wamba ya 13A pa 230V imanyamula pafupifupi mawati 3,000. Makina owotcherera a inverter akamagwiritsa rod ya mamilimita 3.2 amatha kukoka kuposa pamenepo, n'chifukwa chake mumaona mapulagi osungunuka m'mashedi ambiri. Makinawo akhale ndi waya wakewake kuchokera pa DB (bokosi logawa magetsi m'nyumba), wa 4 mm², kapena 6 mm² ngati mtunda ndi wautali, ndi breaker yake. Masoketi enawo, a waya wa 2.5 mm², akhale mita 1.2 kuchokera pansi, awiri ku benchi, awiri ku zitsulo, imodzi pakati. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo aikepo earth leakage ya 30 mA, chipangizo chodula magetsi akayamba kugwira munthu. Ekisitenshoni ikafunika, itambasuleni yonse, yokulunga imatentha. Magetsi ounikira akhale pa breaker ina, kuti makina akathimitsa musatsale mumdima grinder ikuzungulirabe m'manja.

Thinner, penti, vanishi ndi petulo zisakhale m'galaja ngati pakhomo pali kachipinda kena. Zikakhalamo, zikhale m'kabati yachitsulo kumapeto kwenikweni. Chozimitsira moto cha ufa ndi ndowa ya mchenga zikhale pafupi ndi khomo, osati pakona pamene moto ungakutsekerezeni.

Musanagule simenti kapena bulaketi, jambulani zonsezi pansi ndi choko pa miyeso yake yeniyeni. Nyamulani thabwa lalitali kwambiri limene mumagwiritsa ntchito, mulowe nalo, mulitembenuze, mulifikitse pa benchi yojambulayo. Pamene lagunda khoma, sunthani mzere. Ntchito ikayamba, sesani utuchi wonse musanayatse makina owotcherera, ndipo mukamaliza kuwotcherera musatseke galaja mphindi 30 zisanathe.