Disiki itadzaza, vuto linali slot yoiwalika

Oyamba kudandaula anali a ku ofesi ya ndalama. Lipoti la mwezi, lomwe kale linkangotuluka ukangodina, tsopano linkazungulira osatha. "Achimwene, seva ija yakalamba, tigule ina," anatero mkulu wawo. Ine ndinapempha kuti ndiyambe ndaona kaye.

Database yathu ndi PostgreSQL, ili pa Linux. Ndinalowa mu seva ndi SSH, njira yolowera uli patali, n'kulemba df -h, lamulo loonetsa malo otsala pa disiki, ndipo gawo losungira data linali litadutsa 90%. Apa mtima unagunda, chifukwa ext4, dongosolo losungira mafayilo pa disikiyo, imapatulira root (akaunti yaikulu ya seva) 5% ya malo, ndiye PostgreSQL imasowa polemba disiki isanadzaze n'komwe. Ikasowa polemba WAL, kaundula wa zonse zosintha mu database, imangodzizimitsa yokha.

Ndi du -sh, lamulo loyeza kukula kwa mafoda, ndinapeza kuti chodya malo ndi foda ya pg_wal. Mkati mwake munali mafayilo a 16 MB lililonse, mbwee, mndandanda wake wosatha pa sikirini. Dzanja limayabwa kuti ufufute, koma chonde musayese. Chilichonse chosintha mu database chimalembedwa m'menemo kaye chisanafike m'matebulo, ndipo mukachotsa fayilo yomwe ikufunikabe, database ikhoza kukana kudzuka. PostgreSQL imachotsa yokha mafayilowa ikamaliza nawo. Ngati sakuchoka, pali chimene chawagwira.

Pg_stat_archiver, yomwe imaonetsa ngati mafayilo a WAL akukopedwera kosungira bwinobwino, sinaonetse kulephera kulikonse. Nditafunsa pg_replication_slots ndi pomwe zinaoneka: slot imodzi, pa active palembedwa f, kutanthauza kuti palibe akuigwiritsa ntchito. Slot ndi chizindikiro chouza seva kuti isunge WAL mpaka seva yokopera data itailandira. Inali ya seva yachiwiri yokopera data, yomwe inazimitsidwa kalekale osachotsa slot yake. Seva yaikulu inkasungabe WAL yonse kudikira mnzake yemwe sankabweranso.

Zimenezi zinafotokoza za disiki. Nanga kuchedwako? Pa mzere wa slot womwewo panali xmin (nambala yosonyeza poyambira data yakale yomwe ikufunikabe) yakale kwambiri, popeza seva yachiwiriyo inkagwira ntchito hot_standby_feedback ili yoyatsa, ndiye inkauza seva yaikulu mizere yomwe ikuifunabe. PostgreSQL ikasintha mzere sifufuta wakale nthawi yomweyo, imausiya kuti autovacuum, yomwe imayeretsa matebulo yokha, idzausese. Koma xmin yokakamirayo inkauza autovacuum kuti mizere yakufayo ikufunikabe. Choncho autovacuum inkadutsa, osachotsa kanthu. Mu pg_stat_user_tables, n_dead_tup (chiwerengero cha mizere yakufa) ya tebulo la malipiro inali itaposa mizere yamoyo, ndiye funso lililonse linkafukula zinyalala zonsezo lisanapeze yankho. Seva yatsopano ikanangobisa matendawa kwa kanthawi.

Nditatsimikiza ndi anzanga kuti seva yachiwiriyo siyatsidwanso, ndinachotsa slot ija ndi pg_drop_replication_slot, kenako CHECKPOINT, lamulo lochititsa PostgreSQL kulemba zosintha zonse pa disiki n'kuchotsa WAL yosafunikanso. Foda ya pg_wal inaphwa ndikuona.

Pa matebulo ndinayendetsa VACUUM ANALYZE wamba kuti asese mizere yakufa ija. VACUUM FULL ndinaipewa dala, chifukwa imalemba tebulo lonse mwatsopano, ndiye imafuna malo owonjezera omwe ndinalibe, komanso imatseka tebulo mpaka itamaliza. VACUUM wamba kawirikawiri sachepetsa fayilo, amangomasula malo amkati kuti alembedwenso, ndipo pa tsikulo zimenezo zinali zokwanira. Lipoti lija linayambanso kutuluka msanga.

Kuyambira PostgreSQL 13 kuli max_slot_wal_keep_size, yoika malire a WAL yomwe slot ingasungitse, yomwe imabwera ili pa -1, kutanthauza kuti palibe malire. Ndinaikapo malire, kuti slot yotsalira m'mbuyo kwambiri iziwonongeka yokha m'malo mogwetsa seva yonse. Ndinakonzanso kuti uthenga uzifika pa foni yanga disiki ikafika 80%, kapena slot iliyonse ikakhala pa f kwa ola lathunthu.