Zimene ndatola pa phunziro la giyabokosi ndi kutha kwa magalimoto a manual

Gawo la giyabokosi m'maphunziro athu a umakaniko lafika kumapeto, ndipo tisanalowe m'gawo la magetsi a galimoto ndaona kuti ndi bwino kulemba zimene ndatolapo. Mabuku amene timaphunzira amayamba ndi giyabokosi ya manual ndi kuifotokoza mwatsatanetsatane, pomwe ya automatic imabwera kumapeto kwenikweni m'masamba ochepa. Komatu munthu akaima m'mbali mwa Umodzi Highway muno mu Chipata n'kumasuzumira m'magalimoto ang'onoang'ono amene akudutsa, ma Corolla, Allion, Spacio, Vitz, Sienta ndi Honda Fit, apeza kuti ambiri mwa iwo alibe kilachi. Kusagwirizana kumeneku kwa buku ndi msewu ndi kumene kunandichititsa kuwerenga zambiri, ndipo m'kuwerengako ndinapeza kuti ku Ulaya ndi ku America kuli anthu okonda magalimoto amene akudandaula kwambiri kuti manual ikutha.

Chifukwa chimene galimoto imafunira magiya n'chakuti injini ya petulo kapena ya dizilo imatulutsa mphamvu zake bwino pamene ikuzungulira pa liwiro linalake, ndipo ikatsika kwambiri imazima. Pa giya yoyamba ya magalimoto ambiri ang'onoang'ono injini imazungulira maulendo opitirira atatu kuti shafiti yotuluka m'giyabokosi izungulire kamodzi, n'chifukwa chake galimoto imatha kunyamuka ndi katundu pa chitunda ngakhale kuti siithamanga. Kilachi ndi mbale yokhala ndi zokhakhala imene imapanikizidwa pa flywheel, gudumu lolemera lachitsulo lozunguliridwa ndi injini, ndipo dalaivala akaiponda amalekanitsa injini ndi magiya kwa kanthawi kuti asinthe. Kale madalaivala ankaponda kilachi kawiri pa kusintha kulikonse kuti mano a magiya asakukutane, mpaka pamene kampani ya Cadillac inabweretsa synchromesh mu 1928, timphete timene timalinganiza liwiro la magiya asanalumane. Chimene chinandikondweretsa titamasula giyabokosi yotere pa tebulo n'chakuti chilichonse chimaoneka ndi maso: dzino lothyoka, kamphete kodyeka, beyaringi yolira, zonse munthu amazigwira ndi dzanja n'kudziwa pamene pali vuto.

Automatic si yatsopano monga ena amaganizira. Kampani ya General Motors inatulutsa Hydra-Matic mu 1939, ndipo inayamba kuikidwa m'magalimoto a Oldsmobile a 1940. M'malo mwa mbale ya kilachi, mphamvu ya injini imadutsa m'mafuta, ndipo aphunzitsi athu anatifanizira ndi mafani awiri oyang'anizana, imodzi yoyaka ndi ina yozima, pamene mphepo ya yoyakayo imazunguliritsa inzakeyo osaikhudza. Vuto lake linali lakuti mphamvu ina inkatayikira m'mafutamo n'kusanduka kutentha, komanso magiya ankakhala atatu kapena anayi okha. Choncho akuluakulu amene amanena kuti automatic imamwa mafuta ndiponso ndi yaulesi pa chitunda sakunama ayi, akunena zimene zinali zoona pa magalimoto a nthawi yawo.

Zinthu zinatembenuka pamene opanga magalimoto anaika kilachi yaing'ono m'kati mwa torque converter (chigawo chimene mphamvu imadutsira m'mafuta chija) yomwe imamanga injini ndi giyabokosi pamodzi galimoto ikangoyamba kuthamanga, kenaka n'kupereka ntchito yosankha giya kwa kompyuta. Magiya nawo anachuluka. Lexus LS 460 ya 2006 inabwera ndi magiya 8, ndipo ma Ford Ranger ena amene tikuwaona masiku ano ali ndi magiya 10. Volkswagen inayamba kugulitsa giyabokosi ya makilachi awiri, yotchedwa DSG, mu 2003, imene imakonzeratu giya yotsatira ina isanachoke, moti imasintha mofulumira kuposa dzanja la munthu aliyense. Ngakhale m'mipikisano ya Formula One ndodo ya magiya inayamba kutha mu 1989, pamene Nigel Mansell anapambana ku Brazil pa Ferrari yosinthira magiya pa chiwongolero. Kuyambira pamenepo mfundo yakuti manual ndi yothamanga komanso yosunga mafuta inayamba kufooka, ndipo lero pa magalimoto atsopano ambiri siikugwiranso ntchito.

Okonda magalimoto akunja amazidziwa zimenezi, ndipo amene amanena zoona pakati pawo amavomereza kuti chimene akulirira ndi kukoma kwa kuyendetsa: kumva injini ndi khutu, kusankha giya wekha usanalowe pokhota, ndi kudziwa kuti kusalala kwa ulendo kwachokera m'phazi ndi m'dzanja lako. Magazini ya ku America yotchedwa Car and Driver inayambitsa kampeni yopulumutsa manual mu 2010. Ferrari ndi Lamborghini anasiyiratu kupanga magalimoto a manual. Porsche itatulutsa 911 GT3 ya 2013 yopanda manual, ogula anadandaula kwambiri mpaka kampaniyo inaibwezeretsa mu 2017, ndipo Toyota nayo inawonjezera manual pa Supra mu 2022, patatha zaka zitatu ikugulitsidwa ya automatic yokha. Chodabwitsa apa n'chakuti manual, imene kale inali ya munthu wofuna galimoto yotchipa, kumaiko amenewo ikusanduka chinthu cha anthu a ndalama ogula galimoto yosangalalira pa Loweruka. Sindikuwanyoza, pakuti aliyense amene anasinthapo giya bwinobwino pa msewu wokhotakhota amadziwa chimene iwo akunena. Koma makampani amawerengera ndalama. Kupanga ndi kuyesa mitundu iwiri ya giyabokosi pa galimoto imodzi n'kodula pamene ogula manual ndi ochepa, malamulo a utsi amakwaniritsidwa mosavuta kompyuta ikamasankha giya, ndipo magalimoto ambiri oyendera magetsi safuna n'komwe kusintha magiya chifukwa mota yamagetsi imakhala ndi mphamvu kuyambira poyambirira.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi nkhope ina, ndipo apa ndi pamene ndaganizapo kwambiri. Ife sitinakhale pansi n'kusankha automatic. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene timayendera ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Ku Japan laisensi yoyendetsera automatic yokha inayamba mu 1991, ndipo pafupifupi magalimoto onse atsopano ang'onoang'ono amene amagulidwa kumeneko ndi a automatic. Mtengo wa kuyeza galimoto kumene boma lawo limalamula pakapita zaka zingapo umachititsa eni ake ambiri kugulitsa magalimoto akadali abwino. Motero chimene banja la ku Nagoya linasankha zaka khumi kapena kuposerapo zapitazo, poganizira mizere ya magalimoto a m'mizinda yawo ndi misewu yawo yosalala, ndi chimene dalaivala wa takisi wa njira ya ku Mwami kapena ku Katete akuyendetsa lero, atanyamula anthu ndi matumba a mtedza. N'zoona kuti ambiri akuikonda, chifukwa ndi yosavuta kuphunzira, ndipo anthu amene ankaopa kuzimitsa galimoto pa mphambano tsopano akuyendetsa okha popita ku ntchito ndi ku chipatala. Phindu limenelo si laling'ono.

Chimene tikutaya ife ndi galimoto imene tinkatha kuikonza tokha. Batire ikafooka kumudzi, galimoto ya manual anyamata amaikankha, dalaivala n'kuika giya yachiwiri, n'kusiya kilachi, injini n'kulira, pomwe ya automatic imakhala pomwepo mpaka papezeke batire ina. Kuikoka ndi chingwe mtunda wautali injini ili yozima kumaiwononga, chifukwa pampu imene imayendetsa mafuta m'giyabokosi imazunguliridwa ndi injiniyo, ndipo ambiri sadziwa zimenezi mpaka zitawaonekera. Kilachi ya manual ikatha, makaniko wa pansi pa mtengo amatsitsa giyabokosi, n'kusintha mbale, chopanikizira ndi beyaringi, galimoto n'kubwerera pa msewu. Automatic ikayamba kutsetsereka kapena kugunda posintha, m'magalaji ambiri yankho limakhala limodzi, lakuti itanitsani giyabokosi ina yakale kuchokera ku Lusaka, imene palibe akudziwa kuti inayenda mtunda wotani.

Vuto limakula pa mtundu wa CVT, umene uli m'ma Honda Fit, ma Vitz ambiri ndi ma Sienta. Umenewu ulibe magiya osinthana ngati enawo. Uli ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka, ndipo nzeru yake inayamba kugwiritsidwa ntchito pa galimoto za DAF za ku Netherlands chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Lambayo amagwira chifukwa cha mphamvu ya mafuta amene amapanikiza mapulewo, ndipo mafutawo ndi apadera. Munthu akathiramo mafuta wamba a automatic chifukwa ndi amene apezeka m'sitolo kapena ndi otsika mtengo, lamba amayamba kuterereka ndi kukanda mapule, ndipo galimoto ikamanyamula katundu woposa muyezo m'nyengo yotentha ya Okutobala, kapena ikamavutikira kutuluka m'matope a njira za ku Chadiza ndi ku Vubwi nthawi ya dzinja, kutentha kumamaliza zotsalazo. Ndikuona kuti mbiri yoipa imene giyabokosi zimenezi zili nayo kuno imachokera kwambiri ku mafuta olakwika ndi katundu wopitirira muyezo kusiyana ndi kapangidwe kake.

Palinso luso limodzi limene likuchoka pamodzi ndi kilachi, ndipo limakhudza moyo wa anthu. Wophunzira manual amadziwa kuyambira pachiyambi kuti potsika phiri amatsitsa giya kuti injini igwire galimoto. Wophunzira pa automatic nthawi zambiri amangodziwa D, R ndi P, ndipo malo olembedwa 2 ndi L sanawagwiritsepo ntchito. Munthu wotere akamatsika mapiri a pa Great East Road chakufupi ndi mlatho wa Luangwa, phazi limakhala pa buleki mtunda wonse, mabuleki amatentha, ndipo akatentha amasiya kugwira bwino. Galimotoyo ili nayo njira yodzigwirira, koma palibe anamuphunzitsa.

Manual sinathe m'chigawo chino. Ma Canter onyamula chimanga, soya ndi thonje, mabasi a Rosa, mathirakitala, ndi njinga zamoto zimene zadzaza m'tauni ndi m'midzi, zambiri mwa izo zimafunabe kilachi, moti mnyamata wonyamula anthu pa njinga yamoto amamvetsa magiya kuposa eni magalimoto ambiri. Komabe ngakhale kumeneko zinthu zikusuntha. Volvo inayamba kuika I-Shift m'mathiraki ake mu 2001, giyabokosi imene m'kati mwake ndi manual koma kilachi ndi magiya zimayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo Land Cruiser 70, yomwe ndi yodalirika m'njira za ku Mfuwe, inapatsidwa mtundu wa automatic mu 2023.

Pa maphunziro anga, zonsezi zikutanthauza kuti masamba ochepa aja a kumapeto kwa buku ndi amene adzandidyetse. Ndikufunika kudziwa kulumikiza makina owerengera zolakwika pa soketi ya OBD, yolumikizira ku kompyuta ya galimoto, ndi kumvetsa manambala amene amatulutsa, kuyeza mphamvu ya mafuta m'giyabokosi, kusiyanitsa solenoid (kachipangizo kamagetsi kotsegula ndi kutseka njira ya mafuta) yakufa ndi waya woduka, ndi kutsuka valve body, chigawo chogawa mafuta m'giyabokosi, popanda kusokoneza timipira tachitsulo timene timakhala m'njira zake. Zambiri mwa izi ndi zamagetsi, choncho gawo limene tikulowali ndilitenga ngati kupitiriza kwa giyabokosi. Ine ndi anzanga a m'kalasi tapempha aphunzitsi kuti atipezere CVT yakufa ku galaji ina ya m'tauni kuti tidzaimasule, ndipo choyamba chimene tikufuna kuyang'ana ndi nkhope za mapule ndi mtundu wa mafuta otsalamo, kuti tione ngati chinaipha ndi kutentha kapena mafuta olakwika.