Masamu a pakhonde ku Chilomoni

Ntchito yathu ndi masamu basi, masana ana akaweruka. Tinayambira pakhonde ndi ana a anansi, bolodi lake chitseko chakale chopaka penti wakuda. Lero tikuchita lendi zipinda ziwiri, ndipo kumabwera ana a Sitandade 3 mpaka 8, ambiri chifukwa makolo akuopa mayeso a MANEB.

Mpamba wathu weniweni ndi zitsekerero za mabotolo ndi timitengo tomanga khumikhumi. Makolo ena zimawanyansa. Amati sanalipire kuti mwana azikaseweretsa zinyalala, akufuna kope lodzaza ndi matebulo olowezedwa. Ena anachotsadi ana awo, ndalama n'kuchepa, koma njira sitinasinthe.

Chifukwa chake chili m'mutu mwa mwanayo. Akatswiri a ubongo, monga Stanislas Dehaene wa ku France, anasonyeza kuti munthu amabadwa akutha kale kusiyanitsa zochuluka ndi zochepa. Chimene sabadwa nacho ndi chizindikiro cha pabolodi. Kuti 7 akhale ndi tanthauzo, ubongo uyenera kumulumikiza ndi zinthu zisanu ndi ziwiri zimene maso aona, manja n'kugwira. N'chifukwa chake sitiletsa kuwerengera zala. Mwana wopatsidwa 52 kuchotsera 17 amamasula yekha mtolo umodzi wa timitengo, n'kuona ndi maso kumene khumi "lobwerekalo" likuchokera. Akatero timajambula, manambala amabwera pomaliza.

China n'chakuti maganizo amanyamula zinthu zochepa nthawi imodzi, zinayi kapena kupitirira pang'ono. Mantha nawo amatenga malo pomwepo. Mwana amene akuyang'ana chikwapu wataya kale mbali ya malo owerengera, ndiye pano chikwapu palibe, ngakhale kholo litapempha (ndipo amapemphadi).

Matebulo timaloweza ndithu, sitikana. Amene akudziwa 6 kuchulukitsa ndi 8 mosaganizira amatsala ndi mpata wolimbana ndi funso lenilenilo. Koma timachita pang'onopang'ono tsiku lililonse, n'kubwereza za sabata yatha, poti ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu akagona. Pachifukwa chimenechi timakana bizinesi yonona kwambiri, ya makolo obwera kutatsala milungu iwiri kuti mayeso ayambe. Timawauza kuti abweretse mng'ono wake wa mwana wolemba mayesoyo, wa Sitandade 4.

Malipiro ndi apamwezi, ndipo amabwera mochedwa nthawi ya njala, Januwale ndi Febuluwale. Zitsekerero amatisungira ndi mayi wa golosale yapafupi, ife n'kumaphunzitsa mdzukulu wawo ulere.