Zikomo nonse amene mwadzutsa thirakitala ya malemu bambo

Abale ndi alongo a kuno ku Mulanje, thirakitala ija yalira. Sabata yathayi yakoka ngolo yodzaza njerwa n'kukwera nayo chitunda cha kwathu osatsokomola, ndiye ndati mawu othokozawa ndisagone nawo.

Amene mumaiona mukudziwa kuti si ya dzulodzulo. Ndi Ferguson yotuwa ija, mtundu wa TE20 umene ankapanga ku Coventry, ku England, kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo yathuyi ndi ya petulo. Malemu bambo anaigula itatopa kale ndi ntchito za ku esiteti ya tiyi, koma ndi yomweyi inatilipirira sukulu. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, denga la shedi linasasuka, mvula n'kumathera pa iyo. Nthawi imeneyo panalibe woganiza za chitsulo, tinali kulira anthu. Inakhala pompo petulo ali m'thanki, ndipo titati tiidzutse, inakana. Inkalira pokhapokha choki yochepetsa mpweya wolowa mu injini ikhale yokoka, ukangoibweza basi yazima. Masiku ena petulo ankadontha pansi pa kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, utsi uli bii, mapulagi atadzaza mwaye. Ambiri anandilangiza kuti ndingoipereka kwa ogula zitsulo zakutha.

Oyamba kuwathokoza ndinu agogo, makaniko athu opuma, amene munakalambira pa mathirakitala a m'minda ya tiyi. Munabwera pa njinga yanu yakapalasa, maso akuvuta kale, ndipo kabuleta imene tonse tinkailoza chala simunaikhudze msanga. Munayamba mwachotsa pulagi, kuigunditsa ku injini, n'kuona kuti moto ulipo wabwinobwino. Kenako munati petulo timutsatire kuchokera kumene amagona. Thirakitala imeneyi ilibe pampu ya mafuta. Thanki ili pamwamba pa injini ndipo petulo amatsika yekha, choncho kachitsotso kalikonse panjira kamamuimitsa. Kabowo kopumira pa chitsekerero cha thanki kanali katatsekeka ndi dothi. M'kabotolo kagalasi ka pansi pa thanki munali madzi pansi, petulo pamwamba, pakati pake dzimbiri lofiira. Munatifotokozera kuti petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Nanga chinyezi cha m'tsinde mwa phiri la Mulanje n'chosowa? Thanki tinaitsitsa, kuponyamo timiyala, kuikhutchumula mpaka dzimbiri lonse litatuluka.

Apo m'pamene munatsegula kabuleta, ya Zenith, mutayala nsalu yoyera pa mphasa kuti kasikuluwu ngakhale kamodzi kasatayike. Sindidzaiwala mmene munanyamulira fuloti yamkuwa ija n'kuigwedeza pafupi ndi khutu langa. Inkamveka khuchukhuchu ngati dzira losukusa. Inali itaboka n'kumwa petulo, ndiye m'malo moyandama kuti ikankhe kasingano kotseka mafuta, inkamira, petulo n'kumasefukira. Munaiviika m'madzi otentha, tithovu n'kutuluka pamalo enieni pamene panali mng'alu, waung'ono woti diso lokha silikanauona. Majeti, tizitsulo ta timabowo todutsa petulo, anali atamatidwa ndi utomoni wa petulo wakale. Mnyamata wina atabweretsa waya kuti atokose, munamuletsa mwaulemu: waya amakuza bowo, ndipo jeti ikakula bowo siibwereranso. Munawanyika m'petulo woyera n'kuwapopa ndi pampu ya njinga, kenako kuwayang'anitsa kudzuwa mpaka kuwala kutadutsa.

Titamanga zonse inalira, koma inkakwera n'kutsika yokha. Ine mtima unagwa. Inu munangotchera khutu, n'kunena kuti ikuba mpweya penapake. Inalidi gasiketi yotseka mpata pakati pa kabuleta ndi manifodi, paipi yolowera mu injini; inali yowuma ndi yong'aluka. Munadula ina pa pepala lolimba, n'kudikira injini itenthe musanayambe kupotokola masikuluwu a mafuta pang'onopang'ono, mukumvetsera. Ndalama imene ndinakupatsani munabweza theka, mukuti bambo anga anakutengeranipo chimanga ulere chaka cha njala. Agogo, nkhani imeneyo ine sindinkaidziwa. Mulungu akusungeni.

Achimwene okhoma zidebe a pa msika wa Chitakale, zikomo pomata fuloti ija ndi mtovu wochepa zedi, poti mukanachulutsa ikanalemera n'kumiranso. Munasiya ntchito ya makasitomala anu chifukwa cha kanthu kosakwana m'dzanja. Mphwanga wa ku Limbe, unazungulira mashopu a zipangizo ndi kasingano kakutha m'thumba mpaka unapeza kofanana nako, ndipo sunandiwerengere ya minibasi. Anyamata a kabaza a pa siteji yathu, inu amene munkakankha thirakitala batire ikafooka, osafunsa kanthu, ndakuonani.

Amayi a ku kalabu ya nanazi, kwa inu ndili ndi ngongole yaikulu. Munali mutalipiriratu ngolo, koma nyengo yokolola itakwana munasenza madengu pamutu mpaka kumsewu, ndipo palibe anabwera pakhomo panga kudzaitanitsa ndalama yake. Mayi a kunyumba, munagulitsa mbuzi yanu kuti tigule batire ndi mapulagi, ndipo anthu akamati ndikutaya nthawi ndi chitsulo chakufa, inu munkangowapatsa mpando.

Kuyambira Lolemba ngolo iyamba ndi amayi a kalabu, ndipo maulendo amene munalipira kale aja ndiwakwaniritsa onse musanaonjezere tambala. A mfumu, mchenga wa pa mlatho uja ndidzatuta Loweruka, mafuta ndi anga. Ndipo ngati alipo wina ku Mulanje kuno kapena ku Thyolo amene ali ndi Ferguson yonga iyi yangokhala pansi pa mtengo, asafulumire kuigulitsa pa sikelo. Agogo avomera kuti mwana wanga wamkulu aziwaperekeza kukaiona, iye atanyamula bokosi la masipanala.