Perekani-perekani wa chithunzi ku Kasungu

Chomwe chinandinyamula ndi uthenga wa pa WhatsApp. Msuweni wanga, yemwe amaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Kasungu, ananditumizira kapepala koitanira anthu ku chionetsero cha zojambulajambula, pansi pake n'kulembapo kuti, "Asuweni, paja mumati zoterezi n'za ku Lilongwe ndi ku Blantyre kokha. Bwerani Loweruka mudzaone nokha." Lachisanu masana ndinali kale mu depoti ya ku Lilongwe.

Za msewu ndilibe zambiri. Ndi M1 yomwe ija, Lumbadzi, Mponela, Madisi, mlatho wa Bua, makilomita pafupifupi 130. Ndinalipira K15,000, pomwe bambo amene tinakhala mpando umodzi analipira K13,000 chifukwa ananenerera asanakwere. Nenererani mudakali panja, mukangokhala pansi nkhani yatha. Chinandiwawa kwambiri ndi maola awiri omwe tinataya podikira kuti minibasi idzaze. Anthu atatu omwe ndinawapeza m'katimo anali oitanira okhaokha, ankatsika mmodzimmodzi apaulendo enieni akamabwera. Khalidwe limeneli lidzatha liti? Pa Chinkhoma tinapeza malole a mabelo a fodya atandandalika m'mbali mwa msewu kudikira kukatsitsa ku okushoni, madalaivala atagona pansi pa malolewo. Tinalowa m'tauni dzuwa litapendeka, phiri la Kasungu litayamba kuda.

Mmawa mwake wa kabaza sanandimve nditati ndikupita ku malo a zaluso. Anandiyang'ana, kenako n'kuti, "Kapena mukunena kuja ana amakajambula Loweruka?" Kunali komweko. Ndinalipira K1,000 kuchokera pa depoti.

Malowo ndi shedi yakale yosankhiramo fodya, ya njerwa, denga la malata, makoma atawapaka laimu. Si a boma, si a mpingo, si sitolo. Amawayendetsa ndi kagulu ka anthu ojambula ndi osema, aphunzitsi awiri ndi mayi wina yemwe anapuma ntchito ya unamwino, amene amasunga kabuku ka ndalama. Palibe amalandira malipiro. Pakhomo akulu amalipira K1,000, ana amalowa ulele, ndipo ndinaona ndi maso anga mayi aja akulowetsa azimayi awiri ogulitsa tomato osawafunsa kanthu.

Chionetsero chonse chinali cha fodya. Poyamba ndinadabwa, chifukwa ndinkayembekezera zija tinazolowera m'misika ya ziboliboli, dzuwa likulowa pa nyanja, njovu, mayi atasenza mtsuko. Munalibe ngakhale chimodzi. Zithunzi zambiri anazijambula pa ziguduli zomangira mabelo, poti nsalu yeniyeni yojambulapo njodula ndipo mpaka ukaipeze ku Lilongwe. Utoto wake ndi penti ya nyumba, ina atasakaniza ndi katondo, ina ndi makala osinja, moti ukayandikira umaona timchenga. Pakati pa shedi anamangapo kachigafa, mikangala yake ili m'malomalo, koma m'malo mwa masamba anasokapo mapepala akale a ku okushoni, aja amaonetsa kuti belo lagulidwa bwanji ndipo adulapo zingati. Alimi analowa n'kumawerenga mapepalawo mokweza. Wina anagwira limodzi n'kunena kwa mnzake, "Taonani apa, thiransipoti yokha yadya belo lathunthu." Pakona panaima munthu wachitsulo, wopangidwa ndi makasu otha ndi matcheni a njinga, atawerama ngati akupalira.

Mmawa wonse kumbuyo kwa shedi kunali ana, mwina makumi atatu, atakhala pa mphasa. Pepala lililonse amaligwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri, burashi imodzi ana anayi. Msuweni wanga akuti kusukulu phunziro la Expressive Arts liripo ndithu pa ndandanda, koma mwana amatha sitandade 8 asanagwirepo utoto, amangolemba m'kope kuti utoto n'chiyani. Kuno ndiye amaugwira. Lachitatu masana kumabwera amayi oluka ndi oumba, ndipo kamodzi pamwezi amaonetsa kanema pa khoma, magetsi akalola.

Ndinakhala pansi ndi mayi osunga ndalama aja tikumwa thobwa, ndipo sanabise kanthu. Lendi anali nayo ngongole ya miyezi itatu. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, penti ndi maburashi sizigwirika. Ndinawafunsa za mabungwe othandiza, iwo anapukusa mutu. "Mwanangu, amatiuza kuti lembani pempho m'Chingerezi, masamba makumi awiri. Tikalemba, akuti jambulani za kusintha kwa nyengo, jambulani za maukwati a ana. Zonsezo n'zofunika, sitikana. Koma ukatchula lendi, ukatchula mayunitsi a magetsi, akuti zimenezo ife sitilipira. Nanga zithunzizo tizipachika mumtengo?" Pa ichi ine ndili mbali yawo. Ndaona mabungwe ambiri akulipirira msonkhano wa tsiku limodzi m'hotela ndalama yomwe ikanasunga shedi ngati iyi chaka chathunthu. Ndiye chifukwa chake tsikulo madzulo kunali okushoni. Chithunzi chikagulidwa, theka n'la wojambula, theka n'la malowo.

Cha m'ma 3 koloko shedi inadzaza. Panja panaima galimoto zinayi zochokera ku Lilongwe, eni ake atapatsidwa mipando ya pulasitiki kutsogolo, ife ena tili pa mabenchi obwereka ku tchalitchi, ana ali m'mazenera. Woyendetsa mwambo anali mnyamata wina amene amayendetsa maukwati m'tauniyi, mawu ake osafuna chimkuzamawu. Zithunzi zing'onozing'ono zinapita msanga, K25,000, K40,000, china K60,000. Munthu wachitsulo uja anagulidwa ndi mwini loji wina.

Kenako anyamata awiri anabweretsa chachikulu kuposa zonse. Ndinali nditachiyang'ana nthawi yaitali mmawa. Mulibe nkhope m'chithunzicho, muli manja okha a mayi akusoka fodya, masamba ali pamiyendo, chingwe chili pakati pa zala. Zalazo zakuda ndi phula la fodya, lija silichoka ndi sopo, chala chachikulu chakumanja chili ndi chikhadabo chong'ambika, pamkono pali kachibangiri ka waya. Wojambula wake ndi mnyamata wa zaka za m'ma 20, wochokera cha ku Santhe, wosalankhulalankhula. Anakulira pa esiteti, makolo ake ali matenanti.

Mtengo unayambira pa K50,000 n'kukwera mofulumira. Pa K120,000 anatsala awiri. Bambo wina wa ku Lilongwe, waulemu wake ndithu, anati K180,000, winayo n'kugwetsa dzanja. Woyendetsa mwambo anawerenga kamodzi, kawiri.

Kumbuyo kwanga kunaimirira agogo ena aakazi. Anali atavala chitenje chofwifwa ndi juzi yaubweya ngakhale kunkatentha. Sanakweze mawu, koma omwe tinali pafupi titacheuka, ena onse anacheukanso.

"Pepani bambo, ndifunse nawo. Chikagulidwa chipita kuti?"

Mnyamata woyendetsa mwambo uja anayankha mwaulemu kuti chipita ku Lilongwe, agogo, kunyumba kwa amene wagula.

"Ndiye ife tidzachionera kuti? Fodya timalima kuno, amapita. Ana athu amapita. Manja awa ndi athu, apitenso?"

M'shedimo munati zii. Agogowo anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, anatulutsa K500 yopindapinda, n'kuiika pansi patsogolo pa chithunzicho. "Yanga ndi imeneyo. Chikhale pompano."

Sindinganene kuti anayambitsa ndani. Ndinangomva mayi wina akulira nthungululu, wina akukuwa kuti bweretsani lichero. Lichero linabwera kuchokera kwa amayi ogulitsa zitumbuwa pakhomo, akukutumula nyenyeswa. Woyendetsa mwambo, poti ndi ntchito yake ya Loweruka lililonse, sanachedwe kuzindikira chomwe chikuchitika. Anasiya za okushoni n'kuyamba kuitana ngati pa ukwati. "Onse amene munasokapo fodya, bwerani! Onse amene munabadwira pa esiteti! Aphunzitsi muli kuti? A kabaza, ndakuonani pazenerapo!" Wina anayatsa nyimbo pa foni n'kuilumikiza ku kasipika. Anthu anayamba kuvina akupita kutsogolo, akuponya ma K50, ma K100, ma K200. Mayi osunga ndalama aja anakhala keshiya, akusintha ma K2,000 kuti munthu aponye kangapo. Ana anatsika m'mazenera n'kumatola zogwera pansi. Bambo wina wachikulire analibe ndalama, anatuluka, patapita kanthawi anabwera ndi nkhuku yomanga miyendo. Mayi wina analonjeza ndowa ya mtedza. Ine ndinaponya K10,000 yomwe ndinasungira malo ogona, podziwa kuti kwa msuweni wanga mphasa ilipo. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo sindinali ndekha.

Wojambula uja nthawi yonseyi anaima pakhoma atagwira pakamwa. Pambuyo pake ndinamva kwa msuweni wanga kuti manja a m'chithunzicho ndi a malemu mayi ake. Agogo aja sankadziwa zimenezo, ndipo mnyamatayo sankawadziwa agogowo.

Atawerenga zinakwana K112,450, kuphatikizapo nkhuku yomwe mphunzitsi wina anaigula pomwepo. Sizinafike pa K180,000. Apa panali kachetechete wina, wovuta, chifukwa lendi sidikira nthungululu. Mnyamata wojambula uja anayandikira mayi osunga ndalama n'kuwanong'oneza, iwo n'kulengeza kuti wojambula wakana gawo lake, yonse ilowe ku malowo. Ena anaomba m'manja. Ine sindinaombe ndi mtima wonse, ndinene zoona. Mnyamatayo anagwira chithunzicho miyezi iwiri, penti anagula yekha, ndipo K90,000 yomwe akanalandira ikanamufikitsa patali. N'chifukwa chiyani m'dziko muno amene ayenera kudzimana nthawi zonse amakhala waluso? Woimba aimbe ulele pa chikondwerero, wojambula apereke chithunzi, pomwe wa matenti ndi wa mipando amalandira zawo zonse. Bambo wa ku Lilongwe uja anachita bwino, anaimirira n'kunena kuti wamva, ndipo anapempha mnyamatayo kuti amujambulire china pa mtengo womwewo, theka n'kuperekeratu pa Airtel Money anthu akuona. Koma zikanakhala kuti bamboyo ndi wina wamtima wina, mnyamatayo akanabwerera ku Santhe chimanjamanja.

Usiku umenewo ndili pa mphasa ndinkaganiza za ku Mua. Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akhalitsa chifukwa kumbuyo kwake kuli mishoni ndiponso alendo amafikako. Zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, gule wamkulu anali atalemekezedwa kale mu 2005. Zakale timadziwa kuzinyadira, makamaka akunja akayamba atiuza kuti n'zamtengo wapatali. Koma wojambula wamoyo, amene akujambula fodya wa chaka chino, tilibe pomuika. Zabwino zake zimathera m'zipinda zochezera za ku Area 10 ndi Area 43, kapena zimakwera ndege. Ndipo Kasungu yomweyi ndi imene inaonetsa dziko zomwe kachipinda kamodzi kangachite. William Kamkwamba wa ku Wimbe, atasiya sukulu chifukwa cha njala ija ya 2001 ndi 2002, anapeza buku m'kalaibulale kakang'ono n'kupanga makina amphepo opangira magetsi. Kalaibulaleko kakanatsekedwa chifukwa chosowa wokasamala, bwenzi ndani akumudziwa lero? Mwa ana makumi atatu a pa mphasa aja ndinaonamo kamtsikana kena kakujambula njinga ya kabaza, masipoko onse, tcheni, mpaka kasiponji ka pa kaliyala.

Amene mukufuna kupitako, pitani Loweruka mmawa kuti mukapeze ana. Musapite ndi maswiti. Tengani mapepala, ngakhale olembedwa mbali imodzi a ku ofesi kwanu, mapensulo, maburashi, makatoni. Tenganinso ndalama zing'onozing'ono. Chakudya chili pafupi, nsima ya nkhuku ya lokolo ndinadya ya K4,500 kuseri kwa msika, chipisi cha pachiwaya musachiyembekezere kwambiri, mafuta ake anali otopa. Ngati muli ndi galimoto ndi tsiku lina lapadera, ku Kasungu National Park n'kosakwana maola awiri, ndipo njovu zinachuluka chibweretsereni zija 263 zochokera ku Liwonde mu 2022. Ine sindinafikeko, za minibasi sizifika ku Lifupa, m'kati mwa pakimo.

Lamulungu ndisanakwere ndinadzeranso ku shedi kuja. Ndinapeza mayi osunga ndalama akusesa, akuti apereka lendi ya miyezi iwiri, wachitatu mwini shedi wavomera kudikira mpaka fodya atatha kugulitsidwa. Chithunzi chija anachipachika pa khoma loyang'anana ndi khomo. Pansi pake, pomwe pamayenera kukhala dzina la wogula, anamatapo pepala la m'kope lolembedwa ndi bolopeni kuti "Eni ake: anthu a ku Kasungu". K500 ya agogo aja sanaiphatikize ndi zinazo, mayiwo anabwezapo yawo, iyo n'kuikhomera ndi kamsomali pambali pa pepalalo, ikuonekabe mopindika muja inachokera m'chitenje.