Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Katuni ya atsikana imene ndinaonera mobisa

M'gawo lapita ndinalekezera pamene amalume ananditenga ku Chiradzulu, maliro a mayi atatha, n'kubwera nane ku Ndirande. Ena mwakhala mukufunsa komwe kunachokera dzina loti Hokage limene anzanga a kusekondale amanditchula mpaka lero. Ndiyankha, koma nkhaniyi ikhotera kwina kumene anzangawo sindinawauzepo. Akawerenga aseka, palibe kanthu, ndevu zinamera kale.

Chinali chaka cha 2011, chaka cha mizere ya mafuta chija, ine ndili Fomu 2. Nyumba ya amalume inali ya zipinda ziwiri, ndiye ine ndinkagona pabalaza. M'mawa ndinkapinda matiresi anga opyapyala n'kuwabisa kuseri kwa mpando, kuti wobwera asadziwe kuti pamagona munthu. Pabalaza pomwepo panali TV yachikale ija yachimsana, ndi DVD yokhala ndi polowetsa flashi. Amalume ankagwira ntchito ku Makata, anti ankagulitsa kaunjika mumsika, moti kuyambira 2 koloko mpaka cha m'ma 5 nyumba inkatsala m'manja mwa ine ndi msuweni wanga wamkazi, amene anali Fomu 3.

Naruto, katuni ya ku Japan ya maninja, ndinakumana naye kuvidiyo sho. Mwini wake ankakonda kuika zakarate ndi za ku Nigeria, koma masana akuluakulu akachepa ankaponyamo makatuni, amene madala ankangowatcha kuti zidole za ana. Tsiku limene ndinalowa ndinapeza kamnyamata ka nsidze zikuluzikulu, kovala zobiriwira, kakumenyana ndi mnzake wotchingidwa ndi mchenga. Anali Rock Lee ndi Gaara. Kamnyamatako kanali kopanda matsenga ngati anzake, kankadalira mwendo ndi chibakera basi. Kenaka kanakwera pamwamba, n'kumasula zolemera zimene kanamanga m'miyendo, n'kuzisiya kuti zigwe. Zitafika pansi fumbi linati kobo, simenti kuphulika. Mmene tinakuwira m'kachipinda kamalata kaja, mayi wina wogulitsa mandasi panja anasuzumira kuti mwina mwabuka ndewu.

Kuchokera tsiku limenelo ndalama ya mandasi sinapitenso ku mandasi. Ndinabwereka flashi kwa mnzanga wina wa m'kalasi, ndipo Lachisanu lililonse ndinkapita nayo pakashopu kobenera nyimbo pafupi ndi msika kukaikitsa magawo otsatira. Ntchito inali yosatha. Naruto woyamba, amene anayamba kuonetsedwa ku Japan mu 2002, ali ndi magawo 220, ndipo wachiwiri, Shippuden, anali adakali m'njira nthawi imeneyo, anadzatha mu 2017 ali ndi magawo 500. Tinkathamanga manja ali kumbuyo ngati maninja popita kusukulu, mpaka mnzangayo anagwera m'ngalande n'kung'amba buluku la yunifolomu. Tinkapinda zala kutsanzira matsenga awo. Tsiku lina aphunzitsi anafunsa aliyense chimene akufuna kudzakhala akadzakula. Ena anati dokotala, ena loya. Ine ndinaimirira n'kuti Hokage, ndiye kuti mfumu ya mudzi wa maninja. Anyamata anagwa n'kuseka, aphunzitsi anaganiza kuti ndi ntchito ya ku banki. Dzina lija linachokera pamenepo.

Anzanga ndinkawauza kuti Naruto ndimamukondera ndewu. Linali bodza la theka. Naruto ndi mwana wamasiye, anthu a m'mudzi mwake amamusala chifukwa cha chinkhandwe cha michira 9 chimene chinatsekeredwa m'thupi mwake ali khanda. Pali malo ena amene ana anzake akhoza mayeso, makolo awo abwera kudzawanyadira, iye wakhala yekha pakatungwe pansi pa mtengo, akungowayang'ana. Pamenepo ndinkabwezera kambirimbiri ndikakhala ndekha.

Lachisanu lina mnyamata wobena uja anali ndi anthu ambiri, ndipo anandiikira zolakwika. Nditafika kunyumba ndinalowetsa flashi, ndakonzeka kale kuona nkhondo. M'malo mwake kunayamba kanyimbo kozizira ngati kogonekera mwana, kenaka mtsikana wa maso akuluakulu, tsitsi lomanga ndi maliboni. Ndinapsa mtima. Ndalama ya sabata yonse kupita pa zimenezi!

"Ndikabweza, izi ndi za atsikana," ndinatero.

"Nanga ine ndine chiyani? Usachotse iwe, tione kaye," anatero msuweni wanga, atalanda kale limoti.

Ndinatenga nsapato za amalume ndi polishi n'kukhala pakhomo, msana ku TV, kuti adziwe kuti sizikundikhudza. Nsapato zimenezo sizinawalepo chotero chigulireni.

Inali Fruits Basket, ya mu 2001, ya magawo 26. Mtsikanayo dzina lake Tohru Honda. Bambo ake anamwalira ali wamng'ono, mayi ake afa kumene pangozi ya galimoto. Ankakhala ndi agogo ake aamuna, koma nyumba itayamba kukonzedwa agogowo anapita kwa achibale, namupempha kuti akakhale kaye kwa anzake. Iye poopa kulemetsa anthu anakamanga tenti m'nkhalango, chithunzi cha mayi ake chili pambali. Masana sukulu, madzulo ganyu yokolopa m'maofesi kuti apeze fizi. Malowo anali a banja la Sohma, ndipo atamupeza, tenti yakenso itakwiririka ndi dothi logumuka, anamutenga. Mgwirizano wake unali woti azikhala nawo, iye aziphika ndi kusamala m'nyumba. Banjalo lili ndi tsoka lakuti ena mwa iwo, mwamuna akakumbatiridwa ndi mkazi kapena mkazi akakumbatiridwa ndi mwamuna, amasanduka nyama za pa kalendala ya Chitchaina, wina khoswe, wina galu. Zoseketsa zinali pamenepo, koma ine sindinkaseka kwenikweni.

Ndinkaona mtsikana wothokoza mopitirira muyeso, wopepesa asanalakwe, wodzuka anthu onse ali m'tulo kuti akamadzuka apeze zonse zili m'malo. Ameneyo anali ine. Ndinene pano poyera kuti amalume ndi anti sanandizunzepo, sanandimanepo chakudya. Koma ndinkadzuka 5 koloko kusesa pabwalo ndi kukatunga madzi pampopi popanda wondituma. Pakudya ndinkawerenga mitanda ya nsima, iwiri basi, ngakhale m'mimba mukulira. Ndiwo ikakhala nyama ndinkadikira kuti andigawire. Amati mlendo ndi mame, ndipo ine ndinkadziona ngati mame amene dzuwa lakwera koma sakukamuka. Ndikamachokera kusukulu ndinkaima pakhomo n'kuti "Odi!" ngati wobwera kudzapempha moto. Miyezi inali itadutsa ndikuchitabe odi panyumba imene ndinkagona.

Naruto umasiye wake amaukuwa. Amapenta zithunzi za mafumu paphiri, amalalata, amamenya mpaka mudzi wonse umuone. Ndinkafuna kukhala ngati iyeyo, koma mwana woleredwa pakhomo pa eni sangakuwe. Amatsuka mbale. Za kutsuka mbale kumeneku palibe katuni ya anyamata imene inandiuzapo.

Zoti makatuni amenewa ali ndi mitundu ndinadzazidziwa pambuyo pake, pa intaneti kafe. Ambiri amayamba ngati nthano zojambula, manga, zotuluka m'magazini, ndipo dzina la mtundu wake limachokera ku magaziniyo. Shonen ndi mnyamata, shojo ndi mtsikana. Naruto, amene anajambula Masashi Kishimoto kuyambira 1999 mpaka 2014, ankatuluka mu Weekly Shonen Jump, magazini imene inayamba mu 1968, momwenso munatulukira Dragon Ball ndi One Piece. Fruits Basket ya Natsuki Takaya inkatuluka mu Hana to Yume, kutanthauza maluwa ndi maloto, kuyambira 1998 mpaka 2006. Ndiye mpanda umene ine ndinkaopa kudumpha unali wa ogulitsa magazini, ofuna kudziwa kuti pashelefu aike pati. Ndinasekanso nditamva kuti Fullmetal Alchemist, imene anyamata tonse tinkaitama kuti ndi yachimuna zedi, anailemba ndi mzimayi, Hiromu Arakawa, amene anakulira pafamu ya ng'ombe za mkaka ku Hokkaido.

Tinkaonera m'Chijapani, mawu Achingerezi akuyenda m'munsi, ndipo msuweni wanga ndi amene anayamba kuona chinthu chimene Chingerezicho chinkataya. "Tamvera bwino," anatero, "akamati san kumapeto kwa dzina, ndi chimodzimodzi ife tikamati a kumayambiriro." Zinalidi choncho. San ndi ulemu, chan ndi kachikondi ngati tikamati kamwana, sensei ndi aphunzitsi, senpai ndi wamkulu kwa iwe kusukulu. Munthu akasiya zonsezo n'kutchula mnzake dzina lokha, ndiye kuti achoka pa inu afika pa iwe, ndipo m'makatuni a atsikana zimenezo zimatha kutenga magawo ambirimbiri, nkhope zikufiira. Mngerezi ali ndi liwu limodzi lokha la iwe ndi inu, ndiye mawu a m'munsi aja ankangodutsapo. Ife tinkamva ndi makutu. Tohru amalankhula mwa inu kwa aliyense, ngakhale kwa anzake a msinkhu umodzi, ndipo ine ndinkadziwa chifukwa chake kuposa msuweni wanga.

Gawo limene linandigwetsa ndi lachisanu. Tohru akukumbukira masewera a ali mwana, pamene ana amakhala mozungulira, aliyense n'kupatsidwa dzina la chipatso, dzina lako likatchulidwa umaimirira n'kuthamanga. Iye anzake anamupatsa dzina loti onigiri, mpunga woumba ngati kampira. Anakhala pampando akumwetulira, kudikira kuti amutchule, osadziwa kuti mpunga si chipatso ndipo sadzatchulidwa. Amene munasewerapo masanje mukumudziwa mwana uja amene anzake akagawana ubambo, umayi ndi uwana, iye amamuuza kuti ukhale fisi. M'gawo lomwelo nyumba ya agogo yatha kukonzedwa, Tohru wabwerera kwa achibale ake, ndipo achibalewo akumunena pamaso kuti mtsikana wanji wokhala ndi amuna. Agogo ake akumufunsa ngati kulibe kwina kumene mtima wake ukufuna kukhala. Iye akuyamba kulira.

Magetsi anazima pomwepo.

Tinakhala chete, TV ikuchita kaphokoso kake kozirala. Kunja kunali kutayamba kuda.

"Iwe, ukulira?" anafunsa msuweni wanga.

"Ayi, ndi utsi wa mbaula."

Mbaula inali panja, yosayatsa. Sananenenso kanthu. Anangodzuka n'kukatenga makala. Magetsi anabwera usiku amalume ali pabalaza kumvera nkhani, ndipo mawa lake linali Loweruka, onse ali pakhomo. Tinadikira mpaka Lolemba kuti tione anyamata awiri a banja la Sohma lija, Yuki ndi Kyo, akubwera kudzamutenga kuti tiye kunyumba.

Mwini flashi anatsala pang'ono kundiyalutsa. Anaifuna mwadzidzidzi ndisanafufute, ndipo mawa lake kusukulu anandiyang'ana mwachilendo. "Ase, Hokage, zamaluwamaluwa zija n'zandani?" Ndinati ndi za achemwali. Anagwedeza mutu. Koma flashi imene ankandibwereka tsiku lililonse anakhala nayo sabata yathunthu. Lachisanu tikutsika ku Chinseu anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa motsitsa mawu, "Kodi mphaka uja amathera bwanji?" Ankanena Kyo, amene amasanduka mphaka, nyama imene inatsala kunja kwa kalendala ija chifukwa, malinga ndi nthano yake, khoswe anainamiza tsiku la phwando la nyamazo. Sitinakambiranenso za nkhaniyi mpaka tinamaliza Fomu 4.

Funso lake linalibe yankho lokwanira nthawi imeneyo, chifukwa katuni ya 2001 inalekezera panjira, nthano yake isanathe kulembedwa. Anadzaipanganso yonse kuyambira 2019 mpaka 2021, magawo 63. Imeneyo ndinaionera pafoni, ndili pantchito kale, bando ikutha ngati madzi, ndipo gawo lililonse likatha ndinkatumiza uthenga pa WhatsApp kwa msuweni wanga, amene pano ali pabanja ku Mzuzu. Ankangoyankha kuti, "Mbaula ikufukabe?"

Koma ndibwerere ku 2011. M'makatuni amenewa, a anyamata ndi a atsikana omwe, munthu akafika kwawo amavula nsapato pakhomo n'kunena kuti tadaima, ndabwera, ndipo wa m'nyumba amayankha kuti okaeri, wabwerako. Mlendo sanena mawu amenewo, ali ndi ake ena. Msuweni wanga anayamba kundiseka nawo. Ndikati "Odi!" iye ankakhala chete dala, kundisiya nditaima padzuwa ndi chikwama. Tsiku lina ndinatopa nazo, ndinakankha chitseko n'kukuwa ngati Naruto, "Tadaima!"

Sindinadziwe kuti anti abwerako msanga kumsika. Anali pabalaza, akusankha malaya m'belo.

"Okaeri!" anayankha msuweni wanga kuchipinda, akufa n'kuseka.

Anti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kodi ana inu mwayamba malilime?"

Ndinafotokoza mwachibwibwi kuti ndi Chijapani, ndi mmene amanenera munthu akafika kwawo.

"Bola zimenezo," anatero, akubwerera ku malaya awo. "Odi uja unkachitira ndani? Nsima ili m'bakuli, ndakusiyira mitanda inayi. Ndisaone yotsala."

Ndinadya yonse. Koma magawo a Naruto amene ndinameza chaka chimenecho anali ndi mtengo wake, ndipo unaonekera pamene zotsatira za mayeso oyeserera a JCE zinafika m'manja mwa amalume, iwo n'kuzula DVD ija n'kukaitsekera m'sutikesi. Zimenezo ndi za gawo 10.