Mapesi a m'munda mwanga sindiwotcha

Ogasiti akangofika, kuno ku Masambanjati utsi umangoti tolo m'minda monse. Akuluakulu akusosa, ana akusaka mbewa, mapesi onse n'kuthera pamoto. Pofika Disembala, anthu omwewo ndi amene amadandaula kuti nthaka yaguga, popanda feteleza sungakolole kanthu.

Kuguga yagugadi, sindikukana. Kuno ku Thyolo malo aakulu abwino anapita ku minda ya tiyi kalekale nthawi ya atsamunda, ndiye ife tinatsala ndi timinda ta m'mapiri tomwe sitingatigoneke ngakhale chaka chimodzi. Chimanga chaka chino, chimanga chaka chamawa, pamalo pomwepo. Koma chomwe ambiri sitiganizira n'chakuti nthaka nayo imadya.

Takakumbani pansi pa dzala la kuseri kwa nyumba. Dothi lake ndi lakuda, lofewa, lonyowa ngakhale m'chilimwe, ndipo mupezamo nyongolotsi, chiswe ndi tizilombo tina tambirimbiri, kuphatikizapo tosaoneka ndi maso. Timeneti ndi timene timawoletsa masamba kuti asanduke chakudya cha mbewu. Nyongolotsi zimaboola tinjira tolowera madzi ndi mpweya. Ndiye mupite pamunda wotenthedwa chaka ndi chaka: katondo wouma gwa, khasu kumachita kunjanja. Mvula ikagwa madzi salowa, amangothamanga pamwamba atanyamula dothi lofiira kupita nalo ku Ruo. Feteleza wa Urea amadyetsa chimanga cha chaka chimenecho basi, tizilombo tija satipatsa masamba oti tiwoletse.

Ine mapesi ndimawagoneka m'mizere, ndipo pakati pa chimanga ndimabzala nandolo monga ankachitira agogo. Iwo ankangofuna ndiwo, koma nandolo ali ndi ntchito ina pansi: mizu yake imakhala ndi timatuza momwe mabakiteriya amakokera nayitrojeni kuchokera mumpweya, yemwe uja timamugula modula m'thumba. Mizuyo imalowanso pansi kwambiri n'kuswa dothi lolimba, masamba akayoyoka n'kukhala manyowa. Feteleza wochepa amene ndakwanitsa ndimamusakaniza ndi madeya, phulusa ndi ndowe za mbuzi, kupanga manyowa a Mbeya monga anatiphunzitsira alangizi.

Achimwene anga oyandikana nawo munda sagwirizana nazo. "Achemwali, mukuitana chiswe. Komanso munda wosasosa anthu aziti mwini wake ndi mlesi." Za ulesizo aziti, sindidya mawu a anthu. Za chiswe, ndaona kuti chikapeza mapesi ouma chimatanganidwa nawo, chimanga chachiwisi n'kuchisiya.

Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 sindingamuchepetse. Palibe udzu wa vetiva, woteteza nthaka kuti isakokoloke, umene ukanaletsa mapiri kugumuka ku Mulanje kapena ku Soche. Komabe m'dera lathu, minda yomwe inali ndi akalozera ndi udzu wa vetiva inatsalako ndi dothi, pamene ina inang'ambika zigwembe zoti mwana n'kubisalamo.

Vuto langa lenileni ndi moto wochokera kwa ena. Ungasunge mapesi bwinobwino, ana osaka mbewa akangoyatsa m'munda wa mnzako, mphepo imaufikitsa kwa iwe. Nkhaniyi ndikaitula kwa amfumu pamsonkhano wa m'mudzi ukubwerawu, kuti wotentha munda wa mnzake azilipira nkhuku.